Kanyumba koyera ka pa Cemetery Ridge

Ndinafika ku Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, dzuwa lisanakwere, ndipo chimene chinayamba kundisowetsa mtendere ndi kukongola kwa malowo. Udzu wobiriwira, mipanda ya mitengo ndi timapiri tating'onoting'ono zili zii, moti munthu wosadziwa mbiri sangaganize kuti kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julayi 1863, asilikali pafupifupi 51,000 anaphedwa, kuvulazidwa, kugwidwa kapena kusowa pamalo amenewa, pamene, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, gulu la nkhondo la kumpoto kwa dzikolo, lotsogozedwa ndi George Meade, linalimbana ndi la kum'mwera, lotsogozedwa ndi Robert E. Lee. M'tawuni ya Gettysburg panthawiyo munkakhala anthu pafupifupi 2,400 okha, ndipo ndi iwowa amene anatsala ndi mitembo ndi ovulala asilikali atachoka.

Ndinayambira ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, mmene muli mfuti, mayunifolomu ndi zida zimene madokotala ankadulira manja ndi miyendo ya ovulala. Muli chithunzi chachikulu chozungulira chipinda chonse, chimene Paul Philippoteaux wa ku France anajambula pamanja, ndipo chinaonetsedwa koyamba ku Boston mu 1884. Kutalika kwake mozungulira ndi mamita pafupifupi 115, ndipo ukaima pakati pake umamva ngati nkhondo yakuzinga. Luso lake sindingalitsutse, koma ndinatulukamo ndikuona kuti chandionetsa mmene anthu anamenyanirana popanda kundiuza chimene ankalimbirana.

Kunja kuli zipilala ndi miyala yachikumbutso yoposa 1,300, yambiri yoimikidwa ndi asilikali opulumuka pofuna kusonyeza pamene gulu lawo linaima. Ndinakwera pa kaphiri ka Little Round Top, ndinaima pansi pa chipilala cha Pennsylvania chimene chimaposa zonse kukula, kenaka ndinaganiza zoyenda wapansi kuchokera ku chitunda cha Seminary Ridge kupita ku chitunda cha Cemetery Ridge, njira imene asilikali a kum'mwera pafupifupi 12,500 anadzera masana a pa 3 Julayi. Ndi mtunda wopitirira pang'ono kilomita imodzi, pambalambanda popanda pobisala, ndipo pafupifupi theka la anthuwo anafa, kuvulala kapena kugwidwa. Ndikuyenda, mtima unandipweteka chifukwa cha anyamatawo, ngakhale ndikudziwa bwino kuti boma limene ankalimenyera nkhondo linakhazikitsidwa pofuna kuteteza ukapolo.

Kumapeto kwa njirayo, pamzere umene asilikali a kumpoto anaima, pali kanyumba koyera pamodzi ndi nkhokwe yake, ndipo alendo ambiri amangodutsapo pothamangira ku zipilala. Apa panali pakhomo pa Abraham Brian, munthu wakuda amene anali mfulu ndipo ankalima munda wakewake wa maekala 12. Atamva kuti gulu la Lee likuyandikira, iye ndi banja lake anathawa, monga anachitira anthu akuda ambiri a m'deralo, chifukwa asilikali a kum'mwera ankagwira anthu akuda ku Pennsylvania ndi kupita nawo kwawo kukawasandutsa akapolo, osasamala kuti ena mwa iwo anabadwa ali mfulu. Pa tsiku lachitatu la nkhondo, asilikali ena a kum'mwera, ochokera ku Mississippi, anafika pafupi ndi nkhokwe imeneyi asanabwezedwe.

Ndinakhalitsa pamenepa kuposa pena paliponse. Kanyumbako ndi kakang'ono kwambiri, koma kanandiuza zimene zipilala za mkuwa ndi nsangalabwi sizinena, kuti kwa banja limeneli zotsatira za nkhondoyo zinali kukhala pakhomo pawo kapena kugulitsidwa pamsika. Ndikuona kuti mlendo aliyense ayenera kufika pano asanapite kwina kulikonse, chifukwa akatero amawerenga mawu olembedwa pa zipilala zina zija ndi maso ena.

Madzulo ndinalowa m'manda a asilikali, mmene munaikidwa a kumpoto oposa 3,500, pafupifupi 1,000 mwa iwo pansi pa timiyala tolembedwa manambala okha popeza mayina awo sanadziwike. Pa mwambo wopatulira manda amenewa, pa 19 Novembala 1863, katswiri wolankhula pagulu Edward Everett analankhula kwa maola awiri, pamene Pulezidenti Abraham Lincoln analankhula kwa mphindi ziwiri zokha, nakumbutsa anthu kuti dziko lawo linamangidwa pa mfundo yakuti anthu onse analengedwa ofanana. Ndili pomwepo maganizo anga anabwereranso kwa Brian, amene pobwerera kwawo anapeza nyumba yake itaboolekabooleka ndi zipolopolo, mipanda itagwetsedwa ndi mbewu zitapondedwa. Anapempha boma kuti limulipire madola 1,028 pa zimene zinawonongeka, koma analandira madola 15.