Lachinayi la Sienta ya alamu

Ndikulemba izi 11 koloko usiku, khosi likuwawa pang'ono, tulo palibe.

M'mawa ndinabwereka Sienta ya alamu kuti ndikatenge matumba anayi a chimanga kwa amayi ku Mitundu. Anandiponyera makiyi mswachi uli mkamwa. "Mungothiramo mafuta, alamu." Pangano lathu lonse linathera pamenepo. Sindinafunse za mapepala, nawonso sananene kanthu. Pachibale ndani amafunsa zimenezo?

Pobwerera, cha m'ma 10, ndinafika pa raundabauti ya pa Bunda Turn-off ndili kumbuyo kwa Probox yoyera. Inanyamuka, ine n'kuponya maso kumanja kuona ngati kukubwera galimoto, phazi lili kale pamoto. Osadziwa kuti mnzangayo waimanso. Phuu! Chimene ndikukumbukira bwino ndi thumba limodzi limene linaphulika kumbuyo, chimanga n'kumayenderera mpaka pansi pa mabuleki, ndi madzi obiriwira a mu radiyeta akudontha pa tala. Palibe amene anavulala, Mulungu ngwabwino.

Mwini Probox, bambo wachikulire ndithu, anayang'ana chitseko chake chakumbuyo chimene chinalowa mkati, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, tingothana pompano, zapolisi zichedwetsa tonse." Kunena zoona mtima unafuna. Koma galimoto si yanga, ndiye ndinaimbira alamu manja akunjenjemera. Anangofunsa ngati ndili bwino, kenako anati ndisapereke ndalama kwa munthu, ndisasaine kalikonse, ndijambule zithunzi, ndidikire apolisi. Pa nthawiyo ndinkaona ngati akuumitsa zinthu. Masana ndi pamene ndinamva kuti a inshuwalansi safuna kuti uvomere mlandu kapena kulonjeza malipiro iwo asanadziwe, ndipo popanda lipoti la apolisi nkhani yako siyenda.

Apolisi apamsewu anabwera, anaona laisensi yanga, anasuzumira zomata za COF (yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi pagalasi lakutsogolo. Zonse zinali zamoyo. Za wolakwa sitinakangane, wogunda kumbuyo ndine. Ndinapereka sitetimenti, lipoti akuti tikatenge likakonzeka.

Ku ofesi ya inshuwalansi tinapita tonse ndi alamu cha m'ma 2, chifukwa wopempha malipiro ayenera kukhala mwini polise, pangano la inshuwalansilo. Ine ndinangolemba gawo la dalaivala pa fomu. Mayi amene anatithandiza anali wodekha, koma mafunso ake anali ngati a kukhoti. Mwini galimoto anakulolani? Laisensi munatenga liti? Munanyamula chiyani? Alipo amene anakulipirani pa ulendowu?

Funso lomalizali ndinaliseka, iwo sanaseke. Anati polise ya alamu ndi ya maulendo apakhomo, osati a malonda. Ndikanati ndanyamula anthu awiri atatu pa Mitundu kuti andithandize ya mafuta, monga zichitira ma Sienta ambiri m'misewu yathuyi, akanatha kukana kukonza galimoto. Ndipo anthu anandiimitsadi pamsika paja! Chinandiletsa si nzeru ayi, koma matumba amene anadzaza mipando.

Mwayi wina unali wakuti polise yawo imalola aliyense amene ali ndi laisensi kuyendetsa, bola mwini wavomera. Ena amalembetsa mayina a madalaivala okhaokha kuti mtengo utsike, ndipo zikanakhala choncho bwenzi ndikulemba zina usiku uno. Choncho za Probox zikhala m'manja mwa kampani, mpaka pa malire a ndalama amene analembedwa mu polise. Imeneyo ndi mbali ya third party, yolipira zimene wawonongera munthu wina, imene Road Traffic Act ya 1997 imakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala nayo. Ambirife timathera pomwepo, kugula chomata choti tidutsire pa rodibuloko, osadziwa kuti yako ikaphwanyika ukonza wekha. Alamu anali ndi comprehensive, yokonzetsa ndi galimoto yako yomwe, ndiye ndinapumira m'mwamba.

Ndinafulumira kupuma. Mayi aja anatembenuza kompyuta n'kutionetsa mtengo wa galimoto umene alamu analembetsa. Ndi womwe uja wa pakati pa 2023, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chimenecho. Chaka ndi chaka akhala akungowonjezera nthawi ya polise pa mtengo wakalewo, poti ukakweza mtengo nayo ndalama yolipira imakwera. Lero Sienta ngati imeneyi simungaipeze pa ndalama imeneyo, ngakhale bampa ndi nyali zokha zinakwera kalekale. Anatifotokozera kuti ukalembetsa galimoto pa theka la mtengo wake weniweni, kampani ikhoza kulipira theka lokha la zokonzetsa, kwinako n'kwako. Pamwamba pake pali excess, ndalama yoyamba imene mwini amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Kuchotsera kumene alamu ankapatsidwa chifukwa chosachita ngozi nakonso kwapita.

Apa m'pamene pandisowetsa tulo. Pa pepala, zonsezi ndi za alamu: polise ndi yawo, mtengo wakale analembetsa ndi iwo. Koma amene anaponda moto osayang'ana kutsogolo ndine. Excess ndanena kale kuti ndilipira, palibe zokambirana. Nanga mpata umene wabwera chifukwa cha mtengo wakalewo ndi wa ndani? Mumtima ndikuti tigawane. Pakamwa sindingayerekeze kunena, munthu anandibwereka ndi mtima umodzi. Agogo ankati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma sanatiuze kuti mpini ukakhala unali wofumbwa kale amagula ndani.

Mugalimoto ya mnzawo pobwerera alamu sanayankhule zambiri. Achemwali ndi amene anandiimbira madzulo, mawu ali pansipansi: "Iwe, mawa ana apita bwanji kusukulu?" Limenelo ndiye silili mu polise iliyonse. Ndawauza kuti ndilipira takisi mpaka galimoto ituluke.

Sienta yagona ku galaja, kudikira munthu wa kampani adzaione asanaikhudze makaniko. Mawa 7 koloko ndikumana ndi alamu kuti tizungulire magalaja kutenga makotesheni, kenako ku Biwi kukafunsa mtengo wa radiyeta. Matumba atatu ndawasiya kwawo. Lachinayi lija likadali mugalimoto, ndikaliwola ndi manja.