Tsiku lomwe ndinadzipha ndekha pa 5 life, madam akuonerera

Kunyumba kwathu kuli mawu awiri omwe madam akangowatchula ine ndimasiya zokangana nkupita kukatsuka mbale. Mawu ake ndi akuti "five life". Ana sadziwa tanthauzo lake, amangodabwa kuti adadi angoti zii. Nde ndati ndiulule ndekha, bola mumvere kwa mwini wake kusiyana nkumvera kwa mnzanga wa ku Chipata uja yemwe akuyenda nayo nkhaniyi akuithira mchere ndi tsabola.

Ine ndimakhala ku Joni, ndimakonza mafoni ndi ma laptop pa kashopu kena, ndipo matenda a Magic: The Gathering anandipatsira ndi wa ku Chipata yemweyo, timagwira limodzi. Si njuga ayi, ngakhale amayi anga kumudzi mpaka lero sakhulupirira. Ndi gemu ya makhadi yomwe inatuluka mu 1993, anaipanga ndi mkulu wina wa masamu waku America, Richard Garfield. Aliyense amabwera ndi deki yake ya makhadi 60, mumayamba ndi ma life 20, woyamba kufika pa 0 wafa basi. Kuti uponye khadi umalipira mana, mana amachokera ku makhadi otchedwa ma land, ndipo land umaika imodzi yokha pa turn. Nde khadi ya mana 4 imadikira ma land anayi, gwirani pamenepo chifukwa maliro anga onse anayambira pomwepo.

Deki yanga ndi ya control, ya makhadi a mitundu iwiri, white ndi blue. Deki ya anthu akuluakulu. Umakhala phee ngati agogo anga aku Ntcheu pa bawo, mnzako akuponya zilombo zake iwe ukungoti ehe, ehe, kenako pa mana 4 umagwetsa Supreme Verdict tebulo yonse nkuyera mbee. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndimo ndinkadzinenera choncho.

Kufikira kunabwera kamfana kena ku shopu komwe timasewera Lachisanu madzulo. Zaka 12, mawaya m'mano, juwisi wa mu kabokosi pambali, ulemu ngati mwana wa abusa, "hello ankolo". Deki yake Burn. Amwene deki imeneyi ilibe chisoni, ndipo masamu ake ndi a sitandade 3: makhadi ake ambiri amamenya 3 pa mana 1, Lightning Bolt 3, Lava Spike 3, Rift Bolt 3, nde 20 ukagawa ndi 3 ndi makhadi 7 basi munthu wapita. Kuonjezera apo tizilombo ta mana 1 tomwe sitidikira, Goblin Guide ndi Monastery Swiftspear, tikangotera pa tebulo tayamba kale kuluma. Turn 4 ikamakwana iwe ukuti eya Verdict wanga uja wafika, ukupeza uli pa 2 life mfana akuyamwa juwisi. Anandikwapula ma Lachisanu atatu otsatizana, gemu iliyonse osakwana mphindi 10, pomwe round imapatsidwa mphindi 50. Zotsalazo ndinkangokhala panja kuonerera magalimoto.

Wa ku Chipata nde anandikhazika pansi pa lunch. Akuti mudala, vuto ni iwe osati deki. Burn mafuta ake ndi ochepa, akaponya makhadi asanu asanu ndi limodzi m'manja mwake mumakhala mulibe kanthu, akungodalira yomwe atole pamwamba, nde ntchito yako sikupambana msanga, ntchito yako nkusafa basi. Ukabweza ma life 6 ndekuti wamufufutira ma Bolt awiri, makhadi awiri athunthu apita m'madzi. Kachilombo ka mana 1 kaphe pompo usamati nkakang'ono, Goblin Guide ikakuluma katatu ndi 6 imeneyo kuchokera pa khadi imodzi. Makhadi ako a mana 5 aja achotse ukamalowa gemu yachiwiri, liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Kenako anandiloza ndi fupa la nkhuku nkunena chomwe chinali chachikulu pa zonse, akuti usiye kudzibaya wekha ndi ma land ako. Flooded Strand umalipira 1 life kuti ukasake land mu deki, ukasaka Hallowed Fountain nkuifuna yogwira ntchito pompo umalipiranso 2, pamodzi 3, ndekuti wampatsa mfanayo Bolt yaulere. Saka Island kapena Plains wamba, ma land osalipiritsa 2 ija. Ndinavomera, ndinalembanso pa kapepala, ndikunena pano kuti mudziwe kuti ndinachenjezedwa.

Sideboard ndi makhadi 15 omwe umasinthanitsa pakati pa magemu. Ndinagula ma Leyline of Sanctity anayi, ma Timely Reinforcements awiri ndi ma Kor Firewalker awiri. Ndalama yake ndinabwereka mu envulopu ya basi ya Disembala, ija timasunga mu chitini cha mabisiketi, ndimaganizo oti ndibweza madam asanawerenge. Leyline ndi khadi ya ufiti weniweni, ikakhala m'makhadi 7 oyamba aja umaiika pa tebulo ulere gemu isanayambe, ndipo iwe umakhala hexproof, kutanthauza kuti Bolt, Spike, Boros Charm zonse sizingakulozenso kumaso. Timely nde mana 3, ukakhala ndi ma life ochepa kuposa mnzako umalandira 6, ukakhala ndi zilombo zochepa umalandira asilikali atatu. Sabata yonse ndinkayenda ngati munthu wotemera.

Lachisanu lake madam anati akagula zinthu pafupi pomwepo nde adzandipeza tibwerere limodzi, aonenso "zamakhadi zomwe zimakusowetsani pakhomozi". Round 2 mapepala atuluka, ine ndi kamfana. Gemu yoyamba sindichedwapo, anandimaliza turn 4, Verdict ali m'manja ngati ambulera yofika mvula itakata. Sindinadandaule, nkhondo yanga inali gemu yachiwiri. Ndinalowetsa makhadi anga asanu ndi atatu, kushafula mwa ulemu wake, nkunena kuti ndiyamba ndine.

Kutola makhadi 7, Leyline uyo! Plains awiri, Path to Exile, Timely, ndi makhadi awiri a blue. Munthu wanzeru akanaona kuti ma land ndi awiri okha ndipo palibe wopereka mana a blue oponyera makhadi a blue aja, ine ndinangoona Leyline basi mtima uli phaphapha. Nthawi yomweyo chitseko chatseguka madam alowa ndi majumbo, ndawakweza dzanja, ndawakokera mpando, ndati khalani apa muone mmene timalangira ana. Keep, makhadiwa sindisintha. Ndaika Plains. Go.

Mfana waika Mountain, Goblin Guide, yandiluma, 18. Palibe vuto. Guide ikamaukira umavundukula khadi yapamwamba pa deki yako, ikakhala land umatenga ulere, yanga inali Supreme Verdict, ndinangoti chabwino. Turn yachiwiri ndaika Plains wina. Iye Swiftspear, kenako wagoneka land ina polipira mana nkuti, Lava Spike kwa inu ankolo.

Ndinatsamira kumbuyo. Ndinayang'ana madam kaye kuti aone bwinobwino. Kenako ndinanena mokweza kuti ma tebulo oyandikana amve, "Hexproof, mwana wanga."

Mfana anayang'ana pa tebulo. Anayang'ana ine. Anasuzumiranso pansi pa tebulo, mwina poganiza kuti yagwa. Akuti ankolo, hexproof yachokera kuti? Ndinati ku Leyline, nkuloza pomwe imayenera kukhala, ndipo pamalopo panali Plains awiri ndi chivindikiro cha botolo. Leyline inali m'manja mwanga. Ndinaigwira bwinobwino ndi chala chachikulu ngati chiphaso pa boda, kuiwala kuiika pansi nthawi ija ndimakokera madam mpando.

Tinaitana mkulu wa pa shopu yemwe amaweruza. Ndinayesa zonse, ndinati inalipo kuyambira pachiyambi, onani ndi iyi, ndinatchulanso zoti ndine mlendo m'dziko muno. Anandimvera chisoni koma anati mwayi umenewo umatha gemu ikangoyamba, pano mukaifuna mulipire mana 4 ngati khadi ina iliyonse. Madam anafunsa chapansipansi, abambo, imeneyi ndi ija ya ndalama ya basi? Apa mpomwe ndinadziwira kuti envulopu ija anawerenga kalekale.

Lava Spike ija yandimenya, 15. Guide ndi Swiftspear zabwera, Guide yandivundukulira Counterspell, ya blue inanso, ndaipha Guideyo ndi Path koma Swiftspear yadutsa, 13. Turn yanga, land palibe. Iye waika Eidolon of the Great Revel, kachilombo koipa mtima kamene aliyense akaponya khadi ya mana 3 kutsika pansi kamamumenya 2, ngakhale mwini wake. Bolt kumaso, 10, Swiftspear, 8. Turn yanga, land palibenso, manja adzadza ndi makhadi okongola a blue omwe sindingaponye, ngati munthu wokhala ndi ma voucher a shopu yotseka. Iye sanaponye kanthu turn imeneyo, anangoika land nkuukira ndi tiwiri tija, 5. Ndipo ndinaona nkhope yake, mfana mafuta amuthera, zija ananena wa ku Chipata zija.

Anthu anali atayamba kuunjikana kumbuyo kwanga chifukwa nkhani ya hexproof ija inali itafika kale mpaka ku kauntala. Ndinagogoda pa deki kawiri, kuuzira mpweya, kutola. Flooded Strand.

Amwene ndinaimirira. Land yachitatu, Timely ali m'manja, ma life 6 ndi asilikali atatu otchinga, turn yotsatira land ikabwera Verdict, kenako mwana ameneyu akalira kwa amayi ake. Ndaika Strand, ndalipira 1, ndalemba 4. Ndatenga deki kusaka. Island inadutsa pa chala changa, ndinaiona ndi maso angawa, koma kumbuyo kwake kunali Hallowed Fountain yanga ya foil, yonyezimira ngati suti ya mkwati, khadi yodula kuposa zonse mu deki, ndipo anthu akuonerera, madam akuonerera, dzanja linangopita lokha mmene linazolowerera. Ndaimenyetsa pa tebulo. Mfana mwaulemu akuti tapped ankolo? Ndati untapped, igwire ntchito pompo! Ndalemba 2. Kumbuyo ndinamva wa ku Chipata akuti "mayo", ine nkumaganiza kuti akuchemerera.

Ndagoneka ma land onse atatu. Timely Reinforcements. Ndinali nditayamba kale kulemba 8 pa kapepala, dzanja lina likufufuza ma token a asilikali mu kabokosi.

Mfana anachotsa kapaipi ka juwisi pakamwa, nkuloza Eidolon ndi chala chimodzi. "Trigger."

Kwa amene simusewera, trigger ya Eidolon imachitika khadi yako isanagwire ntchito. Umayamba wamenyedwa 2, kenako nde ma life 6 aja abwere. Ine ndinali pa 2. Ma life 6 anafika pa maliro. Asilikali atatu aja anabwera kudzanyamula bokosi.

Shopu yonse inangoti zii kaye, kenako wina kumbuyo anaphulika, basi onse. Wa ku Chipata anachita kukhala pansi pa simenti misozi ili mbwee. Ndikanatenga Island ija ndikanatsala pa 4, Eidolon nkundisiya pa 2, Timely nkundikweza pa 8 ndi asilikali atatu kutsogolo, ndipo mfana pofuna kunditonthoza anandionetsa makhadi awiri omwe anatsala nawo m'manja, onse ma land. Akuti ndinalibe kanthu ankolo, mukanawina mwina. Mwana waulemu koma mawu amenewo anandipweteka kuposa Bolt. Anandigwira chanza, "good games", nkufunsanso ngati ma Leyline ndikugulitsa poti ndikuoneka kuti sindikuwagwiritsa ntchito.

Mu taxi pobwerera madam anakhala chete mpaka titadutsa maloboti atatu. Kenako akuti abambo, ine gemu yanuyi sindikuidziwa, koma ndimafuna ndimvetse. Munali ndi 5. Ndati eee. Mwana uja pomaliza paja anaponya khadi yanji? Ndati sanaponye. Anakumenyani ndi tizilombo take tija? Ndati ayi, inali turn yanga. Anawerenga pa zala, wani, thu, thu, nkundiyang'ana nthawi yaitali.

"Nde mwanayo amangomwa juwisi inu mukudzipha nokha?"

Mayi wina wa pa mpando wakutsogolo, yemwe sindinkadziwa kuti ndi wa kwathu, anatembenuka nkufunsa kuti pepani achimwene, ndani wadzipha?

Envulopu ndinabweza ndi ma overtime a masabata awiri. Pa kabokosi ka deki yanga pano pali ka sticker kolembedwa ndi dzanja la madam, IKANI PANSI KAYE, ndipo Lachisanu lapitali mfana uja anakawerenga nkundifunsa kuti chimenechi nchilankhulo chanji ndipo chikutanthauza chani. Ndinamuuza kuti ndi vesi.