Mmene ndinapezera misonkhano ya AA kuno ku Joni

Ine mowa unali utandifika pakhosi abale. Lachisanu ndikalandira ya wiki, ndalama yoti nditumize kwa mayi a ana kumudzi imathera ku shabini, Lolemba mmawa manja njenjenje moti kapu ya tiyi imachita kulira pa sosa. Tsiku lina bwana anangoyang'ana manja angawo osanena kanthu, mumtima ndinati basi ntchito yapita.

Ndinayambira ku kiliniki, ndipo apa ndikupemphani musadumphe. Munthu amene wakhala akumwa daily kwa zaka, kungosiya lero ndi lero ndi ngozi, ena amagwa ngati akhunyu, ena pakatha masiku awiri atatu amayamba kuona zinthu zoti palibe, mpaka imfa imachitika. Nesi anandiyeza BP, kundifunsa kuti ndimamwa zingati, ine ndinadula theka, iye anangoseka nkuti ndiuzeni zoona bambo. Dokotala anandipatsa mankhwala a masiku ochepa, ndiye potuluka nesi uja ndi amene anatchula za Alcoholics Anonymous, AA, gulu la anthu othandizana kusiya mowa.

Usiku omwewo ndinagula data nkusaka pa Google, dzina la AA ndi dera lomwe ndimakhala. A AA a ku South Africa kuno ali ndi mndandanda wa misonkhano, dera, tsiku ndi nthawi yake, komanso nambala yoimbapo. Pambali pamalembedwa open kapena closed, ine ndimaganiza kuti closed ndiye kuti anatseka kkkk. Ayi, closed ndi wa anthu okhawo amene akufuna kusiya mowa, open aliyense atha kulowa ngakhale mkazi wako kapena mnzako okuperekeza.

Ulendo oyamba unali wa tsoka. Ndinakwera taxi ziwiri, kufika pa holo ya tchalitchi ija geti ndi loko, mlonda akuti anthu amenewo anasamuka kalekale. Ndinaima panja mphepo ya June ikundimenya, ndipo tsidya la msewu botolo sitolo ili yotsegula magetsi ngwee. Sindinama, ndinawoloka. Ndinafika mpaka pakhomo, kenako nkutulutsa foni kuimba nambala ija mwaukali kuti mwandinamiza. Anayankha bambo wina wachikulire, osakwiya, anati nayenso ndi chidakwa chosiya, anakhala nane pa foni mpaka nditakwera taxi yobwerera, nkundiuza msonkhano wina wa mawa lake. Ndiye inu imbani kaye musanawononge transport, mindandanda ija nthawi zina imatsalira.

Mawa lakelo ndinafika mofulumira ndi mphindi 20 monga anandilangizira. Ndinapeza mayi wina akuyala mipando mozungulira, madzi a tiyi akuwira pakona, mabisiketi mu mbale. Mantha anga akulu, tinene zoona ife a kumudzi timadziwana, anali mapepala. Ndimati andifunsa passport, permit, adilesi. Palibe anandifunsa olo chimodzi. Dzina loyamba lokha basi, ngakhale lomwelo ukafuna sutchula. Kulibe kulembetsa, kulibe fizi, kumapeto kumangodutsa kabasiketi ka lendi ya holo ndi tiyi, ine tsiku limenelo ndinalibe kanthu ndinangopatsira mnzanga wapambali ndipo palibe anandiyang'ana.

Ola lonse sindinayankhule. Ndimangomvera anthu, wina wa suti wina wa ovolosi, akufotokoza zinthu zomwe ndimayesa ndi chinsinsi changa ndekha, kubisa botolo mu thanki ya toilet, kulumbira mmawa kuti sindidzamwanso madzulo uli pomwepo. Chizungu china chimandidutsa koma nkhani yake ndimaimva bwinobwino. Ngakhale amakumana mu holo ya tchalitchi si mpingo ayi, amatchula Mulungu monga iwe ukumudziwira, Msilamu analipo, wosapemphera analiponso. Anandiuza kuti AA inayamba mu 1935 ku Akron, Ohio ku America, zidakwa ziwiri, wina dokotala, zitaona kuti zikamacheza za vuto lawo tsiku limadutsa osamwa.

Potuluka anthu atatu anandilembera manambala awo kuseri kwa kapepala, amvekere imba usanamwe osati utamwa. Gulu loyambalo silinandikomere kwenikweni, anthu ake amayankhula mothamanga, ndinayesa ena awiri kenako nkukhazikika pa la Lachinayi lomwe lili pafupi ndi kuntchito. Komweko ndinapeza sponsor, munthu amene wakhala nthawi osamwa ndipo amakuyendetsa mu masitepe 12 amene a AA amatsata posiya mowa. Iye anati ndiyese misonkhano 90 pa masiku 90, ine ndinati achimwene transport yake ichokera kuti, ndiye masiku ena ndimalowa ya pa Zoom kamera yozimitsa kuti data isathe msanga. Achibale ali ndi gulu lawolawo, Al-Anon, mlamu wanga amene ndimakhala naye anapitako kawiri.

Panopa Lachinayi ndine amene ndimayala mipando ija. Sabata yatha kunabwera mnyamata wina, anaima pakhomo chipewa kumanja, nditamva kayankhulidwe ndinamufunsa kuti kwanu nkuti, akuti ku Mangochi. Funso lake loyamba linali la passport.