Mzinda wa miyala pafupi ndi Masvingo

Anzathu ambiri opita ku Joni pa basi yodzera ku Tete, Nyamapanda ndi Harare amadutsa mu Masvingo ali m'tulo, osadziwa kuti pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 okha pali mabwinja a Great Zimbabwe, likulu la ufumu womwe unatchuka mpaka kunyanja ya Indian. Ine ndinatsika dala, n'kugona m'tauniyo kuti ndikafike kumabwinjako dzuwa lisanapse.

Yambani ndi phiri mawondo akadali ndi mphamvu. Njira yakale imakhotakhota pakati pa matanthwe, ndipo pena imapanikiza moti mumadutsa mmodzimmodzi, chikwama chikukhula mwala. Kumangaku kunayambira paphiri pomwepa m'zaka za m'ma 1000, ndipo omanga anali makolo a Ashona. Mzindawu unadzakula kwenikweni cha m'ma 1300, pamene Mapungubwe, ufumu wa m'mbali mwa Limpopo, unafooka, malonda a golide n'kusamukira kuno.

Ukaima pamwamba, chigwa chonse chimaoneka mbee, ndipo m'pamene umamvetsa kuti makomawa sanali nyumba. Anthu ankagona m'nyumba zomata ndi dothi, zofolera udzu. Miyala inali mpanda wa akuluakulu, pomwe anthu wamba anathithikana kunja. Ena amati anthu a mumzinda wonse anafika 18,000. Dothi lija linasungunuka ndi mvula kalekale, kwatsala mipanda yokha.

Mpanda waukulu wa m'chigwa ndiwo unanditha mawu. Kuzungulira kwake ndi mamita pafupifupi 250, ndipo pena khoma limatalika mamita 11. Simenti palibe, ngakhale matope omatira. Ndinasuzumira pakati pa miyala iwiri: ingokhalirana basi, uliwonse wosemedwa kuti ugone bwino pa unzake, khoma likumka lichepa chokwera. Wotiperekeza anati matanthwe a kuno amasendeka okha m'mapalemapale, ndipo omanga ankawafulumizitsa powasonkhera moto kenako n'kuwathira madzi. M'kati muli kanjira kopapatiza pakati pa makoma awiri, kozizira ngakhale masana, kokafika pansanja yooneka ngati nkhokwe. Koma nkhokwe yake ilibe khomo, ndi miyala yokhayokha mpaka m'kati. Ine ndikuona kuti mfumu inkangofuna kuti mlendo aone ndi maso kuti pano pali mwini chuma. Linga la nkhondo silimangidwa chonchi.

Chumacho chinali ng'ombe, golide ndi minyanga ya njovu. Katunduyu ankapita kugombe, ku Sofala m'Mozambique, n'kukafika m'manja mwa amalonda a ku Kilwa, kugombe la Tanzania. M'mabwinjamu munapezeka mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China ndi Persia, ngakhalenso ndalama yachitsulo ya ku Kilwa. Pofika cha m'ma 1450 mzindawu unali utayamba kutha. Mphamvu zinasamukira kumpoto, ku ufumu wa Mutapa kufupi ndi Zambezi, ndi kumadzulo ku Khami.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi nkhani ya azungu oyamba kufika kuno. Karl Mauch, Mjeremani yemwe anafika mu 1871, anaganiza kuti wapeza nyumba ya Mfumukazi ya ku Sheba, poti m'mutu mwake munthu wakuda sakanamanga zotere. Kuyambira mu 1902 Richard Hall anafukula n'kutaya dothi lambiri lomwe munali umboni wa eni ake, ati akuchotsa zinyalala. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafufuza mwaluso n'kunena poyera kuti omanga anali Aafirika, komabe boma la Rhodesia linakakamira bodza lija, mpaka katswiri Peter Garlake, yemwe ankatsutsa bodzalo, anachoka m'dzikomo mu 1970. Dziko litalandira ufulu mu 1980 linatenga dzina la mabwinjawa, ndipo UNESCO inawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1986.

Musachoke musanalowe m'kanyumba kosungiramo zakale (chenjerani ndi apusi panja, nthochi m'manja sakhululuka). M'menemo ndi momwe muli mbalame zosema pamwala wofewa, zija zili pambendera ya Zimbabwe. Zinapezeka 8. Zambiri zinatengedwa n'kupita kunja, ndipo zinayamba kubwerera ufulu utabwera. Chidutswa china chinachoka ku Germany mu 2003. Imodzi, yomwe anagula Cecil Rhodes, inakhala zaka zambirimbiri kunyumba yake yakale ya Groote Schuur ku Cape Town.