Ulendo wathu wa ku Johannesburg ndi mkangano wa pansi pa mlambe

Tinanyamuka pa Wenela kusanache, tilipo 9, a gulu lathu la ogwira ntchito za manetiweki a intaneti. A Mlembi anatsala chifukwa mayi a kunyumba anali pafupi kuchira, ndiye cholembera chinagwera ine. Paja tinasonkha chaka chathunthu kuti tikaone ndi maso malo amene manetiweki ambirimbiri amakumanirana, ndipo a Msungichuma sanalole kuti ngakhale tambala ipite kwina.

Pa Mwanza ndi Zobue tinadutsa bwino. Tsoka linatipeza titangowoloka Zambezi ku Tete, pamene basi inatsokomola kawiri n'kuzima. Amene munafikako mukudziwa dzuwa la kumeneko. Tinakhala maola 5 pansi pa mlambe, kondakitala atapita kukasaka chitsulo m'tauni. Achemwali athu a ku Zomba, amene tonse tinawadandaula pa Wenela kuti katundu wachuluka, ndi amene anatipulumutsa. Anatulutsa chigumu, mbatata yootcha ndi chigubu cha thobwa, mpaka amayi awiri a ku Mulanje amene sitinkawadziwa anadzakhala nafe pa chitenje.

Mkangano unabuka pamenepo, thobwa lili m'manja. Mng'ono wathu wa ku Mzuzu anafotokoza monyadira kuti kuntchito kwawo ali ndi /22, mtolo wa maadiresi a intaneti, yochokera ku AFRINIC, bungwe logawa maadiresiwa mu Africa, komanso zingwe ziwiri za intaneti, china chodzera ku Mozambique china ku Tanzania. Anaidula /22 ija m'zidutswa 4 za /24, ziwiri akulengeza kwa manetiweki ena pa chingwe ichi, ziwiri pa icho, kuti katundu wolowa, ndiye kuti deta, asaunjikane pa chingwe chimodzi. A Tcheya anaika kapu pansi, poti chidutswa chilichonse cholengezedwa chimatenga mzere wakewake mu rauta, makina olondolera deta njira. "Achimwene, mukudziwa kuti rauta ya munthu wa ku Brazil ikusunga mizere yanu 4 pamene ukanakwana umodzi?" Anatikumbutsa za pa 12 Ogasiti 2014, tsiku limene tebulo la njira za intaneti linapitirira 512,000, marauta akale n'kudzaza, manetiweki ena n'kugwa. Iwo anali pa ntchito tsikulo ndipo amalikamba ngati chaka cha njala.

Mng'ono wathu sanagonje. "Bwana Tcheya, chingwe chinacho n'chodula. Chikadzaza, makasitomala amaimbira ine, saimbira wa ku Brazil." Anawonjeza kuti wina akalengeza maadiresi ako mwachinyengo ndi /24, intaneti imatsata njira yolunjika kwambiriyo, choncho kulengeza /22 yokha kuli ngati kugona chitseko chili pululu. Gulu linagawikana. Ine ndinali mbali ya a Tcheya ndipo ndidakali komweko, koma mnyamatayo ankanena za mavuto enieni amene tonse timagona nawo. Awiriwa sanalankhulane kuyambira pa Nyamapanda mpaka Beitbridge, ngakhale anakhala mpando umodzi.

Tsiku lophunzira linali ku Isando, kumene kuli NAPAfrica, malo aja okumanirana manetiweki. Kuzizira kwa m'zipinda za makina kunatidabwitsa tonse, ife amene dzana tinkapsa ku Tete. Injiniya amene anatiyendetsa anayamba ndi masamu: manetiweki 100 akafuna kulumikizana aliyense ndi mnzake pamafunika maulalo 4,950 a BGP, ndondomeko imene manetiweki amauzirana njira, koma onse akalankhula ndi route server imodzi, makina ogawira onse njirazo, amakwana 100. Anatikumbutsa kuti BGP inajambulidwa koyamba mu 1989 pa timapepala topukutira m'manja, kuti CIDR inabwera mu 1993 kudzalola kumanga maadiresi ambiri mtolo umodzi, ndiponso kuti mu 2006 akatswiri anakumana ku Amsterdam chifukwa tebulo linkakula mothamanga. Maganizo ngati LISP anafuna kusiyanitsa adiresi yonena kuti ndiwe yani ndi yonena kumene uli, kuti pakati pa intaneti pazisungidwa njira zochepa. Komabe dziko lidakayendabe pa BGP, ndipo tebulo la IPv4, mtundu wakale wa maadiresi, lili ndi njira cha m'ma 1 miliyoni.

A Tcheya sanapirire, anatula mlandu wa pansi pa mlambe pamaso pa mwini malo. Iye anamvetsera mbali zonse, kenaka anati: lengezani /22 yonse ku dziko, ndipo ma /24 muwapatse okhawo amene mwalumikizana nawo mwachindunji, mutawaika chizindikiro cha no-export kuti asapitirire. Za akuba maadiresi anati tilembetse ku AFRINIC ma ROA athu, zikalata zotsimikizira netiweki yoyenera kulengeza maadiresiwo. Mng'ono wathu anafunsa ngati zimenezi zingagawe katundu bwino ngati mmene amachitira panopa. Anamuyankha mosabisa kuti ayi, zithandiza pang'ono chabe. Nkhope yake inaonetsa kuti sanakhutire, koma analemba zonse m'kope.

Madzulo ake tinalandiridwa ndi abale athu a ku Mangochi amene amakhala ku Mayfair. Atamva kuti kwabwera a kumudzi anaphika nsima yeniyeni, ya ufa woyera, ndi usipa umene achemwali anasunga pansi pa chikwama ulendo wonse osatiuza. Panalinso nkhwani wotendera. A Msungichuma, amene masiku 3 ankangoti pap ya kumeneko siifika pamtima, anadya mitanda 4 osayankhula, ndipo kuyambira usiku umenewo dzina lawo ndi a Full Table, monga timatchulira tebulo lathunthu la njira. Pa mphasa yomweyo a Tcheya anatenga mutu wa nsomba yaikulu imene eni nyumba anawasungira n'kuuika m'mbale ya mng'ono wathu. Tonse tinaona, palibe ananena kanthu.

Zikomo kwa eni nyumba a ku Mayfair amene anatisiyira mabedi awo, kwa injiniya amene anataya nafe tsiku lonse, kwa achemwali chifukwa cha chigumu, ndi kwa a Wachiwiri amene ananyamula mapasipoti onse m'kachikwama ka pachifuwa osataya ngakhale imodzi. A Mlembi, mafuno abwino pa mphatso ya mwana wamkazi, tinamva uthenga tili pa Musina ndipo basi yonse inaimba.

Tikumana Loweruka likudzali nthawi yomwe ija. Aliyense abwere ndi mndandanda wa ma prefix, mitolo ya maadiresi ija, amene netiweki yake ikulengeza, komanso anene ngati ili pa MIX, malo okumanirana manetiweki kuno ku Blantyre. Mng'ono wathu walonjeza kuyesa no-export pa chingwe cha ku Tanzania kwa sabata imodzi n'kutibweretsera ma graph. Chigubu cha achemwali chili kwa ine.