Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Utsi wa Paphiri la Kanjala

Nditamaliza maphunziro a zojambulajambula ku Lusaka, ndinabwerera ku Chipata ndi tizitsulo tiwiri ta mkuwa komanso chithunzi chimene aphunzitsi anga anandipatsa potsanzikana. Chinali cha mitengo itatu, chimene Rembrandt, katswiri wojambula wa ku Holland, anasindikiza mwa luso la etching mu 1643. Chomwe chinkandigwira mtima pachithunzicho chinali thambo, chifukwa kumanzere mizere yopendekera ikuonetsa mvula ikudutsa, pamene kuseri kwa mitengoyo kwayera kale.

Pa luso la etching munthu amapaka phula pamkuwa n'kujambula ndi singano, kenako amaviika chitsulocho mu asidi amene amadya pokandidwa pokhapo. Inki imatsalira m'mizeremo akapukuta pamwamba, ndipo makina amakanikiza pepala lonyowa mpaka litayamwa inkiyo. Makinawo ndinalibe, choncho ndinkakwera basi kukasindikizira ku Lusaka.

Ndinkafunitsitsa kujambula phiri la Kanjala mmene limaonekera mu Okutobala, utsi wa lupsa ukakuta tauni yonse, dzuwa n'kumalowa lili psuu. Singano inandikanika, pakuti utsi ulibe m'mphepete poti mzere n'kutsatira. Ndinayesa njira ya aquatint: ndinawaza ufa wa utomoni pamkuwa, n'kuutenthetsa pansi kuti umatirire, kuti asidi adye mipata ing'onoing'ono ya pakati pa timadonthoto. Koma ndinauviika nthawi yaitali, ndipo pepala linatuluka phiri ndi thambo zili bii.

Amalume analiyang'ana nthawi ndithu ali pakhonde, kenako anati, "Mphwanga, phiri lakutali silida ayi. Limatuwa, ndipo likatalikira limasungunukira m'mitambo. Chakuda ndi mtengo umene waima nawo pafupi." Iwo sanagwirepo singano ya etching, koma mapiriwo anakhala akuwaona kuyambira ali anyamata oweta ng'ombe.

Pachitsulo chachiwiri ndinaviika kanayi. Nditaviika koyamba kwa kanthawi kochepa ndinaphimba thambo ndi vanishi kuti asidi asadyeponso, kachiwiri ndinaphimba phiri, kachitatu minda, ndipo mtengo wa mango wa patsogolo ndiwo unakhalitsa mu asidi. Posindikiza ndinapukuta ndi chikhatho mopepuka, n'kusiya kainki kochepa patsinde pa phiri, pamene utsi umakhazikika madzulo. Pepala loyamba kutuluka bwino ndinalipititsa kwa amalume, ndipo analipachika pabalaza pafupi ndi zenera.