Kusaka nyumba ya lendi pafupi ndi sukulu ku Area 25

Nyumba tapeza abale, talowa, koma za maejenti zikundiwawabe mumtima. Mwana tinamupezera malo a Fomu 1 ku Area 25 ife tikukhala ku Area 36, ndiye tangoganizani minibasi ziwiri m'mawa uliwonse, kutsika m'tauni kukweranso ina yaku Kanengo, mwana kumafika atatopa kale. Tinangoti bola tisamuke sukulu isanatsegulire mu Seputembala.

Choyamba, musapereke ndalama kwa ejenti musanalowe m'nyumbamo ndi mapazi anu. Wina anaika zithunzi pa Facebook, nyumba yokongola ya mumpanda, akuti kusukulu mphindi zisanu basi. Ndinamuimbira, akuti tumizani kaye yoonera pa foni. Tinakumana Loweruka, ine ndapempha kuntchito, kabaza wake kulipiranso ine, kufika pageti akuti iii bwana ija yangotengedwa dzulo koma ilipo ina. Inayo inali kunsi kwenikweni kudambo, khoma lake mzere wa madzi a chaka chatha ukuoneka poyera kufika m'mawondo, chimbudzi chimodzi mabanja anayi. Tsiku lonse linathera pamenepo ndipo ndalama ija sanabweze, madzulo foni osayankhanso. Munthu kudya thukuta la mnzake chonchi osachita manyazi!

Imene tikukhalayi anatilozera ndi mayi ogulitsa mandasi pageti la sukulu. Yendani wapansi kuchokera pasukulupo, funsani alonda, a maokala, amayi a pamsika, amadziwa amene akutuluka mwezi ukatha. Ndipo mtundawo muuyende nokha nthawi imene ana amapita kusukulu, musamvere za mphindi zisanu. Ine ndinakana nyumba ina yabwinobwino chifukwa mwana akanamadumpha msewu wa tala tsiku lililonse pomwe magalimoto amathamanga, komanso panali bala kuseri kwake, angawerenge bwanji usiku?

Iya, za magetsi ndi madzi. Funsani ngati mita ndi yanuyanu kapena yogawana, poti mayunitsi ogawana amadanitsa anthu, wina akusita wina akuphikira hotipuleti koma kusonkha mofanana. Tsegulani mpope muone ngati akutuluka, mufunsenso aneba kuti amasiya kangati, ndiponso ngati amene akutulukayo sanasiye bilu. Denga liyang'aneni, pano kuli ng'amba zonse zimaoneka bwino koma Januwale akafika mudzadziwa.

Alandilodi anafuna miyezi itatu pakamodzi, tinachonderera mpaka analola iwiri, ndipo ndinaumirira kuti tilemberane papepala, asaine iwo ndisaine ine pali mboni, tsiku lolipira ndi zoti akafuna kukweza lendi azinena nthawi ilipo. Ndalamayo ndinapereka m'manja mwa mwini nyumba nditafunsa aneba kuti ndi iwodi. Ndikubwerezanso, ejenti asagwire kanthu musanaone nyumba. Chatsala pano ndi loko wa chitseko chakumbuyo, akuti akonza mwezi uno, ndikuwadikira.